Galu Sadziwa Malire, Koma Wogwira Chingwe Amawadziwa

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu ndilankhule nkhani imene anthu ambiri amachita nayo manyazi kuitchula pagulu, chonsecho ikudanitsa anthu oyandikana nyumba mwakachetechete. Ndikunena za agalu amene eni ake amawalekerera kuchita chimbudzi pa kapinga wa anthu ena. Ndikudziwa kuti ena aona ngati n'kankhani kochepa kosayenera kudyera malo m'nyuzipepala. Kwa ine sikochepa, ndipo ndifotokoza chimene chandilembetsa.

Linali Loweruka m'mawa, dzuwa litangoyamba kufunda. Mwana wanga wamkazi anabwera kudzandiona ndi mdzukulu wanga wa miyezi 10, amene wangoyamba kumene kukwawa. Ndinamuyalira kansalu pa kapinga pafupi ndi khonde, ine n'kulowa m'nyumba kukatenga kachipewa kake. Sindinathe ngakhale mphindi ziwiri. Potuluka ndinapeza wachoka pansalu paja, wakwawira kukona ya kumsewu, wakhala tsonga akuyang'anitsitsa kadzanja kake kamanja. Zala zonse zinali zitapakika, ndipo anali akukweza dzanjalo kupita nalo kukamwa, monga amachitira ana a msinkhu umenewo ndi chilichonse chimene atola. Ndinakuwa mpaka mwanayo anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Ndinamugwira pamkono, kuthamangira naye pampopi, kumusambitsa ndi sopo katatu konse, za m'zikhadabo n'kumachotsa ndi kamtengo ka machesi. Fungo linakanirira m'manja mwanga mpaka madzulo. Mayi ake sanalankhule zambiri. Anangoti, "Amayi, ndiye mwanayu azisewerera pati?" Ndinasowa choyankha, chifukwa kapingayo ndimamusamalira ana omwewo.

Kapinga ameneyu ndinamubzala ndekha zaka 6 zapitazo, mwamuna wanga atangomwalira. Pamalopo panali pouma gwa, fumbi lokhalokha. Ndinapempha timitsitsi kwa mnzanga, n'kumabzala mizere mizere ndi kakhasu, mawondo ali pansi, msana ukuwawa. Mvula ikasiya ndimamuthirira ndi madzi otsukuluzira zovala, ndowa imodzi imodzi. Kumaso kwa nyumba yanga kulibe mpanda wa njerwa. Kuli timaluwa tolekeza m'mawondo basi, kenako msewu. Ndinasiya dala osatseka chifukwa ndimakonda kupatsana moni ndi odutsa ndili pakhonde. Wodutsa amangoona udzu wobiriwira, koma ine ndimaonapo thukuta langa, komanso ndi malo okhawo pakhomo pano amene mwana angagwe osasupuka bondo.

Sikanali koyamba kupeza zonyansazo. Kwa miyezi ingapo ndinkazipeza kawiri kapena katatu pa mlungu, nthawi zonse pakona yomweyo, ndipo ndinkangowola ndi fosholo n'kukataya, mtima ukuwawa koma pakamwa ndili duu. Za mdzukulu zitachitika ndinati ayi, mwini galuyu ndimuone ndi maso anga. Lolemba ndinalawirira kusanache, n'kukhala pawindo nyali nditazimitsa. Itangokwana 5:30 anatulukira bambo ena amene ndimawadziwa nkhope, amakhala nyumba yachisanu kuchokera panga. Anavala zothamangira, nsapato zoyera mbee, m'makutu muli timawaya tomvera nyimbo. Kudzanja lamanzere anagwira chingwe, kuchingweko kuli galu wamkulu wofiirira, wonenepa bwino, ubweya ukuchita kunyezimira, wooneka kuti kwawo amamukonda. Atafika pakona panga galuyo anakoka, iwo n'kulekerera chingwe kuti chitalike. Analumpha timaluwa tija, ananunkhiza, anazungulira kawiri, n'kunyonyomala. Bambowo anatulutsa foni m'thumba n'kumayang'ana pamenepo, nkhope atalozetsa kwina. Galu atamaliza anapalasa kapinga ndi miyendo yakumbuyo, timitsitsi tanga n'kumazuka, ndipo awiriwo anapitiriza ulendo ngati palibe chachitika.

Chimene chinandilasa mtima ndi chingwe chija. Akanakhala galu wosokera, wopanda mwini, ndikanangoti tsoka langa. Koma uyu anali m'manja mwa munthu wamkulu, wa maso ake awiri, amene anaona kuti apa ndi pakhomo pa munthu, n'kuima chiimire kudikira kuti galu wake amalize.

Galu sindikumuimba mlandu ayi. Inenso ndinawetapo galu kwa zaka 13, ndipo tsiku limene anafa ndinalira ngati ndataya m'bale. Galu sadziwa kuti puloti ya uyu yathera apa, ya uyo yayambira apo. Amatsata mphuno yake, ndipo mphuno ya galu imamva fungo kuposa yathu kutalitali. Pamene wachitapo kamodzi pamatsala fungo limene ife sitilimva ngakhale titawola bwanji, ndipo fungolo limamuitana iye ndi agalu anzake kuti abwerenso. Kupalasa kuja nakonso n'kusiya chizindikiro, popeza mapazi a galu ali ndi fungo lawolawo. N'chifukwa chake kona imodzi imasanduka chimbudzi cha agalu a msewu wonse. Ndipo woweta aliyense amadziwa kuti galu amafuna kudzithandiza akangodzuka, kapena pakangopita kanthawi atadya. Si zinthu zadzidzidzi. Munthu wofuna akhoza kuyamba wamuzungulitsa pabwalo lake kaye asanatuluke naye pageti. Ine wanga ndinamuzoloweza pakona ina kuseri kwa nyumba akadali kamwana, ndipo sizinanditengere mwezi.

Lachitatu ndinawadikirira panja, tsache lili m'manja.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka bwino, amayi, kaya inu?"

"Ndadzuka. Pepani ndakuimitsani. Galu wanuyu wakhala akundiipitsira kapinga. Loweruka mdzukulu wanga anagwira ndi manja."

Anachotsa kawaya kamodzi kukhutu, anayang'ana kapinga, n'kumwetulira. "Aa, amayi, zimenezi ndi manyowa. Mvula ikangogwa zisungunuka, kapinga wanu achita kubiriwira." Anakoka galu wawo n'kumapita. Ndinatsala chiimire, manja akunjenjemera. Sanandinyoze, sanatukwane, ndipo ndikuona kuti ananena zimene amakhulupiriradi. Mawu omwewa ndawamvanso kwa anthu ena oweta agalu, ndiye ndiloleni ndiwayankhire pano.

Ndowe za ng'ombe timazitcha manyowa chifukwa ng'ombe imadya udzu. Zikauma zimafumbutuka, fungo limatha, nthaka imakondwa. Galu amadya nyama, mafupa ndi zotsala za patebulo. Zotuluka zake zimanunkha, zimaitana ntchentche, zimachedwa kuwola, ndipo pamene zakhalitsa udzu umafa. Palibe mlimi wanzeru amene angazithire m'dimba la ndiwo zamasamba. Komabe fungo ndi ntchentche n'zazing'ono. Choopsa chenicheni sichioneka ndi maso.

Madzulo a Loweruka lija tinapita naye mwanayo kuchipatala, ndipo zimene tinamva kumeneko ndinakazifunsanso kwa dokotala wa ziweto kuti ndimvetse bwino. M'matumbo mwa agalu ambiri, makamaka tiana, mumakhala njoka zam'mimba zotchedwa Toxocara canis. Njoka yaikazi imodzi imatha kuikira mazira mpaka 200,000 pa tsiku, ndipo amatuluka limodzi ndi chimbudzi. Ndi aang'ono kwambiri moti sangaoneke popanda makina oonera tizilombo. Ali ndi chikamba cholimba. Mvula ija bambo aja amaidalira ikasungunula chimbudzi, mazirawo satha nawo ayi. Amalowerera m'dothi n'kukhalamo miyezi, ngakhale zaka, ali moyo. Mwana akadya dothi, kapena akaika zala zadothi m'kamwa, mazirawo amaswa m'matumbo mwake, timphutsi n'kuboola n'kuyamba kuyendayenda m'thupi. Timatha kufika m'chiwindi, m'mapapo, nthawi zina mpaka m'diso. Ndisaopseze anthu mopitirira: ambiri amene amameza mazirawa sadwala moonekera. Koma kamphutsi kakafika m'diso kakhoza kuliwononga mpaka mwana osaonanso ndi diso limenelo moyo wake wonse. Ndipo amene ali pangozi kwambiri ndi ana ang'onoang'ono ngati mdzukulu wangayu, chifukwa ndi amene amakhalira pansi, chilichonse n'kumalawa.

Chimene chinandikhazika mtima pansi tsikulo n'chakuti mazirawo akangotuluka kumene amakhala asanakhwime. Amafunika milungu 2 mpaka 4 ali panja kuti afike poti angadwalitse munthu, ndipo zimene mwanayo anagwira zinali za m'mawa womwewo. Koma mfundo yomweyo inandisowetsa tulo usiku wake. Ndinkakumbukira miyezi yonse ija, ndi tonse timene fosholo inkalephera kuchotsa pakati pa udzu, timene tinakhala pamenepo milungu ndi milungu, mwana wina aliyense wobwera kudzacheza akugubuduka pomwepo. Munthu amene amatola nthawi yomweyo amachotsa mazirawo asanakhwime. Amene amasiyira mvula akubzala matenda m'dothi la mnzake. Palinso mtundu wina wa njoka zam'mimba za agalu umene timphutsi take timalowera pakhungu, munthu akaponda wopanda nsapato kapena kukhala pansi pamalo oipitsidwa. Timasiya kanjira kofiira kokhotakhota, koyabwa koopsa, kuphazi kapena kumatako. Ana athu pa kapinga savala nsapato, ndipo sayenera kutero.

Ngati pali wina amene za ana a eni sizimukhudza, aganizireko galu wake yemwe. Pali matenda otchedwa parvo, amene anayamba kudziwika mwa agalu mu 1978. Galu amasanza, amatsekula m'mimba zamagazi, ndipo tiagalu tosabayitsa katemera timatha kufa m'masiku ochepa. Kachilombo kake kamafala kudzera m'chimbudzi momwemo, ndipo kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Kona ngati yanga ija, pamene agalu asanu kapena asanu ndi mmodzi amanunkhizapo tsiku lililonse, ndi pamene amapatsirana. Za njoka zam'mimba zija, madokotala a ziweto amalangiza kuyamba kumwetsa mankhwala tiagalu tili ndi milungu 2 yokha, n'kumabwereza, chifukwa tambiri timabadwa nazo kale kuchokera kwa make. Ndi angati mwa ife oweta amene timachita zimenezi?

Pa nkhani ya mkodzo ndifewetseko mawu, chifukwa mkodzo sungatoledwe, ndipo galu wamphongo poyenda amafuna kudontheza pamtengo uliwonse. Komabe nawonso umawononga. Pa kapinga wanga panali mabala asanu ozungulira, kukula ngati mbale, pakati pouma ngati pathiridwa madzi otentha, m'mphepete mwake mobiriwira kuposa pena paliponse. Poyamba ndinkayesa chiswe kapena matenda a udzu. Chonsecho ndi mkodzo. Muli nayitirojeni wambiri ndi mchere, ndipo aliyense amene anatayirapo feteleza wa yureya malo amodzi akudziwa chimene chimachitika: wochepa amabiriwitsa, wochuluka amatentha. Ndiye pakati pamapsa, m'mphepete momwe wafika wochepa n'kubiriwira. Agalu aakazi ndi amene amatentha kwambiri, osati chifukwa mkodzo wawo ndi woipa kuposa wa amphongo, koma chifukwa amanyonyomala n'kukhuthulira wonse pamodzi. Bala limodzi lotere limanditengera milungu yambiri kuti litseke. Mankhwala ake ndi madzi: ukathirapo ambiri msanga, mkodzo umasukuluka udzu usanapse. Koma ine ndidziwa bwanji pamene galu wakodza ndili m'tulo? Wogwira chingwe ndi amene amaona. Chingwe akachifupikitsa podutsa pakhomo pa munthu, galu akakodza kutsogolo, m'mphepete mwa msewu kapena patchire pomwe sipasamalidwa ndi wina aliyense. Ndi masitepe khumi okha.

Kutola nako si ntchito yoti munthu n'kuiopa. Umapisa dzanja m'jumbo ngati wavala gulovu, kutola, kuitembenuza jumboyo kuti zonse zikhale m'kati, kumanga mfundo, basi. Dzanja silikhudza kanthu. Ukafika kunyumba n'kutaya m'bini yako, kusamba m'manja ndi sopo. Ena amati n'zonyansa. Zoona n'zonyansa, koma zikanyansa mwini galu amene amamudyetsa ndi kumusisita, nanga ine amene sindimudziwa n'dzina lomwe? Pali enanso amene amatola ndithu, koma n'kusiya kajumboko pamwamba pa maluwa, kapena kukakoleka pampanda wa mnzawo, ati adzatenga pobwerera. Sabwerera. Ndinapezapo kotere kawiri, dzuwa litakawomba tsiku lonse, ndipo kunena zoona kanali koipa kuposa zosatola zomwe. Wina anaponya m'bini yanga imene inali itangokhuthulidwa kumene, kajumbo kosamanga, ndipo ndinatsuka bini yonse ndi madzi otentha. Watola, nyamula mpaka kwanu.

Makolo amene mumatuma ana kukayendetsa galu, muwapatse jumbo, muwaonetse katoledwe kake, ndipo muwafunse akabwerako. Mnyamata wa zaka 12 sangaganize yekha zimene bambo ake sachita.

Ndiye pali gulu lina, la anthu amene satuluka n'komwe ndi galu. Kukada amangotsekula geti, galu n'kupita kukazungulira yekha, m'bandakucha wabwerera, pabwalo pawo pali mbee. Amenewa akafunsidwa amati, "Mwaona bwanji kuti ndi wanga? Agalu ndi ambiri." Amadziwa bwino lomwe chifukwa chimene amatsekulira getilo. Galu amene amadya tsiku lililonse amachitanso chimbudzi tsiku lililonse, ndipo ngati simukuchipeza pabwalo panu ndiye kuti wina akukuwolerani. Kuonjezera apo, galu woyenda yekha usiku amagundidwa ndi galimoto, amalumana ndi anzake, amafukula mabini, amatha kutenga chiwewe n'kubwera nacho kunyumba kwa ana anu omwe.

Tsopano ndilankhule ndi anzanga olakwiridwa, chifukwa nafenso tikapsa mtima timachita zoipa kuposa zimene tachitiridwa. Mayi wina wapafupi nane, amene agalu anamufukulira maluwa, anandinong'oneza kuti, "Achemwali, musavutike. Kanyama kamodzi kothira mankhwala a makoswe, mawa nkhani yatha." Ndinakana, ndipo ndikukana pano poyera. Mankhwala ambiri a makoswe amapha pochititsa kuti magazi azitayikira m'kati mwa thupi, ndipo nyama imavutika masiku angapo isanafe. Galu amene sanalakwe kanthu afe imfa yotero chifukwa cha ulesi wa mbuye wake? Komanso nyambo sisankha woidya. Adya mphaka wa eni, idya mbalame, atola mwana wokwawa yemwe uja ndikuti ndikumuteteza. Kugenda miyala nakonso kumangopundula galu, mwini wake osaphunzirapo kanthu. Ena amawola n'kukakhuthula pageti la mwini galu. Ndisaname, maganizo amenewa anandifikira Lachitatu lija, fosholo ndinaigwira ndithu. Koma ndinaona kuti ndikatero ndiye kuti moni watha pakati pathu mpaka kalekale, ndipo tsiku lina nyumba yanga ikadzayaka usiku, oyamba kufika ndi ndowa adzakhala anthu a mumsewu womwewu.

Mwana wanga anati tipite kwa akuluakulu oona za malamulo. M'mayiko ena nkhaniyi inafikadi kumeneko. Ku New York lamulo lokakamiza eni agalu kutola linayamba kugwira ntchito mu 1978, ndipo ku England ndi ku Wales anakhazikitsa lawo mu 1996, lolipiritsa chindapusa aliyense wosiya chimbudzi cha galu wake pamalo oyenda anthu, kupatula anthu osaona amene amatsogoleredwa ndi agalu. Ku Paris anayesa njira ina. Mu 1982, Jacques Chirac ali meya, mzindawo unabweretsa njinga zamoto zokhala ndi makina oyamwa zonyansazo m'misewu. Patapita zaka pafupifupi 20 anazisiya, n'kutembenukira kwa eni agalu kuti azitola okha, osatola azilipira. Ine ndikuona kuti anachita bwino kusiya, chifukwa ukamawolera munthu tsiku ndi tsiku amazolowera, ngati mmene ine ndinawazolowezera bambo aja ndi fosholo yanga miyezi yonse ija ndili chete. Malamulo ndi abwino, ndipo kumene alipo agwire ntchito. Koma wapolisi sangaime pakona panga 5:30 m'mawa uliwonse, ndipo sindinafune kuti munthu amene ndimakumana naye tsiku lililonse ndiyambe kuonana naye pabwalo la milandu ndisanakhale naye pansi.

Choncho Lamlungu masana ndinavala bwino n'kupita kwawo. Ndinaodira pageti, galu uja n'kuuwa, ndipo anatuluka ndi akazi awo, mayi aulemu kwambiri, amene anandilandira n'kundipatsa mpando pakhonde. Nditakhala ndinayang'ana pabwalo. Kapinga wawo anali wokongola kuposa wanga, wometedwa bwino, wopanda bala ngakhale limodzi. Pakati panali kampira kofiira ndi kanjinga ka mwana ka matayala atatu katagona cham'mbali. Bambo aja anatuluka, nkhope itaoneka kuti andizindikira.

Ndinati, "Bambo, sindinabwere kudzakangana. Ndabwera ngati kholo linzanu." Ndinafotokoza za Loweruka lija mmene zinayendera, za kadzanja kaja, za kamtengo ka machesi, za mazira okhala m'dothi. Anamvetsera, koma ndinkaona kuti akungodikira ndimalize. Ndiye ndinaloza pabwalo pawo n'kufunsa kuti, "Kapinga wanuyu ndi wokongola zedi. Nanga galuyu bwanji sachitira pano, poti ndi manyowa?"

Asanayankhe, akazi awo anati, "Iii, pano timamuletsa, amayi. Ana amasewerapo." Atangotero anagwira pakamwa.

Panakhala chete. Galu uja anabwera kudzagona pafupi ndi mapazi anga, n'kuika mutu pa nsapato yanga, ine n'kumamusisita kukhosi. Bambowo anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, talakwa. Ndinkangoona udzu, sindinaganize kuti pamakhala mwana." Sindinawonjezere mawu, chifukwa munthu wamkulu akavomera kulakwa pamaso pa mkazi wake sufunika kumupanikizanso. Tinacheza zina, anandifunsa dzina la mdzukulu, ndipo mayiwo anandiperekeza mpaka pamsewu akupepesabe.

Kuyambira tsiku limenelo ndimawaona m'mawa majumbo awiri atamangirira kuchingwe. Akayandikira panga amafupikitsa chingwe, galu n'kudutsa ali kumbali ya msewu, ndipo amakweza dzanja kundipatsa moni. Tsiku lina ndinawaona atawerama kutsidya, akutola, nsapato zoyera zija zili m'mame. Ine ndinakumba kona yonse ija, kuchotsa dothi lapamwamba n'kukalitaya kutali, kuthira lina, n'kubzalanso timitsitsi tatsopano. Tayamba kugwira, koma mdzukulu sindinayambe kumulola kufika kumeneko. Akabwera ndimayamba ndayendera kapinga yense mzere ndi mzere, maso ali pansi, ndisanayale nsalu.

Ndimayenderabe chifukwa patsala galu mmodzi, wa usiku. Ndamuonapo katatu pa kuwala kwa nyali ya pakhonde. Ndi wakuda, pachifuwa pali banga loyera, khutu lamanzere ndi long'ambika, ndipo m'khosi muli lamba wofiira, kusonyeza kuti ali ndi kwawo. Amabwera cha m'ma 11 koloko, amalowera pamene timaluwa tinathyoka, ndipo masiku ano akuoneka kuti akutsekula m'mimba, zimene sizitoleka ndi fosholo komwe. Ndimachita kuthirapo ndowa ziwiri. Ngati mwini wake mukuwerenga kalatayi, galu wanu akudwala, mupite naye kwa dokotala wa ziweto, ndipo usiku muzitseka geti. Mukafuna kuti tikambirane, nyumba yanga ndi ija yopanda mpanda, ya timaluwa tolekeza m'mawondo. Masana onse ndimakhala pakhonde, ndipo mpando wachiwiri ulipo.

Ine wowerenga wanu wa masiku onse,
Gogo wa mdzukulu wokwawa